Kodi Kumeneko Kulibe Ana Awo?

Amayi anga sayendanso okha. Chigwereni pa chitsime zaka zitatu zapitazo, dziko lawo lonse ndi mphasa ya pakhonde, mthunzi wa mango, ndi kamphepo ka kunyanja kamene kamatipeza kuno ku Nkhotakota dzuwa likapendeka. Amene amawasamala ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anaphunzira unamwino n'kukhoza bwinobwino, koma ntchito akuidikirabe mpaka lero. M'mawa uliwonse amatenthetsa madzi, kuwasambitsa agogo akewo, kuwadzoza mafuta m'miyendo, kenako n'kuwamwetsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Ali ndi kagwiridwe kakekake. Amagwada bondo limodzi pamphasa, n'kulowetsa mkono kunsi kwa mapewa awo, n'kunena kuti, "Agogo, gwirani khosi langa," ndipo amayi amadzuka osabuula n'komwe. Ine ndinayesapo tsiku lina iye atapita kuchigayo. Amayi analira ndi ululu mpaka ndinawagonekanso.

Tsiku lina Loweruka ndinawapeza ali pakhonde pomwepo. Foni ya mtsikanayu inali pamwamba pa ndowa yovundikira, ikutchula mawu achilendo, iye n'kumabwereza uku akupukuta pakati pa zala za kumapazi kwa agogo ake. Amayi anatchera khutu kanthawi, kenako anafunsa.

"Mkazi mnzanga, chilankhulo chanji chimenecho?"

"Ndi Chijeremani, agogo. Ku Germany akufuna anthu osamala nkhalamba."

Amayi anakhala duu, akuyang'ana nkhuku pabwalo. Kenako anati, "Kodi kumeneko kulibe ana awo?"

Ndaphunzitsa Geography ku sekondale zaka zambiri, ndipo chithunzi cha mibadwo ya anthu ndachijambula pa bolodi kosawerengeka. Ndimawauza ana kuti dziko lathu likuoneka ngati chulu: pansi potambalala ndi makanda, pamwamba posongoka ndi nkhalamba. Koma funso la amayi linandipeza ndilibe yankho lofulumira, chifukwa iwo sankafunsa za chithunzi. Ankafunsa kuti zimatheka bwanji mtundu wathunthu wa anthu olemera, a magalimoto ndi ndege, kufika poitana mwana wa eni kuchokera ku Nkhotakota kuti akapukute mapazi a makolo awo.

Ana alipo kumeneko, koma ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Kuti mtundu usaphwe, pamafunika kuti amayi onse, tikawawerengera pamodzi, azibereka ana awiri aliyense ndi kachidutswa pamwamba. Akatswiri amalemba 2.1, kachidutswako n'kolowa m'malo mwa ana omwalira asanakule. Ku Italy mu 2024 chiwerengerochi chinali 1.18. Ku South Korea mu 2023 chinatsika kufika 0.72, kutanthauza kuti mwamuna ndi mkazi, anthu awiri, sakusiya ngakhale mwana mmodzi wathunthu. China, amene zaka zoposa 30 ankaletsa mabanja ambiri kubereka mwana wachiwiri, lero akuchita kuwapempha kuti abereke atatu, ndipo mu 2022 anthu ake anayamba kuchepa.

Dziko limene nkhaniyi imaonekera bwino ndi Japan. Ife Japan timamudziwa ndi ma Sienta amene amatinyamula pa msewu wa M5 kupita ku Salima kapena ku Dwangwa, ndipo ena a ife masamu tinaphunzitsidwa ndi achinyamata odzipereka a kumeneko, amene akhala akubwera kuno kuyambira 1971. Anthu a dzikoli anafika pachimake cha m'ma 2008, ali pafupifupi 128 miliyoni, n'kuyamba kutsika. Mu 2024 ana obadwa kwa eni dziko sanakwane 700,000, pamene omwalira anali pafupifupi 1.6 miliyoni. Kusiyana kwakeko ndi anthu oposa 900,000 m'chaka chimodzi. Pa kalembera wathu wa 2018, boma la Salima linali ndi anthu pafupifupi 480,000, Nkhotakota pafupifupi 400,000. Ndiye tangoganizani kudzuka m'mawa n'kupeza kuti kuyambira ku Chipoka, kudzera ku Senga Bay, ku Benga, ku Chia, pa Linga mpaka ku Dwangwa kulibe munthu, ndipo chaka chamawa zichitikanso. Pa anthu 100 alionse ku Japan, 29 ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Nyumba pafupifupi 9 miliyoni zangokhala zotseka, zina eni ake anamwalira ndipo palibe wolowamo. Mu 2024 kampani ina yaikulu ya kumeneko, Oji Holdings, inalengeza kuti ikusiya kupanga matewera a makanda ogulitsa m'dzikomo, ilimbikire a akuluakulu. Chulu chija chinazondoka, chaima ndi nsonga.

Munthu wa kunyanja savutika kumvetsa vuto lake. Chilimira siutha kuuponya wekha. Pamafunika siginala wa nyali, pamafunika alovi a mphamvu okoka ukonde usiku wonse, ndipo mwini zida amene anakalamba amadya chifukwa anyamatawo akoka. Penshoni za m'maiko amenewa zimayenda choncho. Ndalama zimene nkhalamba ikulandira mwezi uno si zimene inasunga m'chitini, koma zimene achinyamata ogwira ntchito adulidwa mwezi womwewo. Okoka akachepa, odikira pagombe n'kuchuluka, nsomba sizikwana. Fakitale mungathe kuisamutsira ku Vietnam, ntchito zina makina angagwire, koma munthu wogwa sitiroko sungamutumize kunja kuti akasambitsidwe n'kubwerako. Pafunika manja, pomwepo, usiku ndi usana. Apa ndi pamene nkhani ya kubereka imasanduka nkhani ya maviza.

Maboma amayamba ndi kunyengerera anthu awo kuti abereke. Ku Hungary, boma la Viktor Orbán linalamula kuti mayi wa ana anayi asalipirenso msonkho wa pa malipiro moyo wake wonse. South Korea wathira ndalama zankhaninkhani pa nkhani yomweyi. Zimathandiza pang'ono, koma palibe dziko limene labwerera pa 2.1 ndi njira imeneyi, ndipo ngakhale mwana atabadwa lero, padzatenga zaka 20 kuti adzagwire ntchito. Nkhalamba ikufuna kutembenuzidwa usiku uno. Ena amakweza zaka zopumira pantchito, monga Germany amene akukwezera pang'onopang'ono kufika 67. Zonsezi zikalephera kukwanira, m'pamene amayang'ana kuchipata.

Chimene chimandikhudza ine ndi katsegulidwe ka chipatacho. Japan kwa zaka zambiri ankakana kuti si dziko la obwera, koma antchito ankawalowetsa kudzera kuseri. Mu 1990 anasintha lamulo kuti zidzukulu za Ajapani amene anasamukira ku Brazil ndi Peru kalekale zibwere kudzagwira ntchito m'mafakitale, poganiza kuti poti magazi ndi amodzi, sizidzaoneka zachilendo. Chuma chitagwa mu 2008, chaka chotsatira boma linayamba kuwapatsa ndalama, mayeni 300,000 munthu mmodzi, kuti akwere ndege abwerere. Mu 1993 anayambitsa ndondomeko yoitana achinyamata a ku China, Vietnam ndi maiko ena ponena kuti akudzaphunzira luso. Ambiri ankangogwira ntchito zolemetsa m'minda, m'mafakitale a nsomba ndi pa zomangamanga, osaloledwa kusintha bwana ngakhale akuzunzidwa, ali ndi ngongole za madobadoba kwawo. Ndondomekoyi inadzudzulidwa mpaka mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza kuithetsa n'kubweretsa ina. Anamwino ndi osamala okalamba anayamba kuwatenga ku Indonesia mu 2008, ku Philippines mu 2009, ku Vietnam mu 2014, koma kuti munthu akhazikike ankayenera kukhoza mayeso a boma olembedwa m'Chijapani, ndipo zaka zoyambirira anamwino ambiri ankalephera n'kubwerera. Mpaka mu April 2019 m'pamene Japan anatsegula viza yonena poyera kuti tikufuna antchito, ndipo mu 2024 anakweza malire ake kufika anthu 820,000 pa zaka zisanu. Komabe amene ali pa gawo loyamba la vizayo saloledwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena mwana.

Chaka cha 2025 kunachitika nkhani imene inandipweteka ngati inachitikira ine. Pa msonkhano wa Japan ndi maiko a mu Africa ku Yokohama, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, la JICA, linalengeza ubale wa mizinda inayi ya ku Japan ndi maiko anayi: Nigeria, Ghana, Tanzania ndi anansi athu a Mozambique, amene anawalumikiza ndi mzinda wa Imabari. Unali ubale wa kuyenderana basi. Koma mphekesera inafala pa intaneti kuti anthu akuda akubwera kudzadzaza mizindayo. Mafoni odandaula anasefukira m'maofesi a mizindayo mpaka patangotha mwezi umodzi JICA inathetsa zonse. Panali patangopita milungu yochepa chipani cha Sanseito, cholalikira kuti Ajapani patsogolo, chitapeza mipando 14 pa chisankho. Limeneli ndi dziko limene obwera ali pafupifupi 3 okha pa 100 alionse, ndipo likutaya Salima ndi Nkhotakota chaka chilichonse. Nkhalamba zomwezo zimene zikusowa wozisambitsa ndi zimene zimapita kukavota mwaunyinji, ndipo wandale amawerenga mavoti asanawerenge mabedi a m'chipatala. N'chifukwa chake malamulo a obwera m'maiko okalamba amakhala ndi pakamwa pawiri. Ku Italy, Giorgia Meloni analowa m'boma mu 2022 polonjeza kuletsa mabwato a obwera, koma boma lake lomwelo linavomereza antchito akunja 452,000 pa zaka za 2023 mpaka 2025. Akuti walira mvula walira matope. Maiko amenewa akulira mvula, koma akufuna igwe m'munda mokha, isafike pakhomo.

Germany anayamba kale kuiona mvula imeneyi. Kuyambira 1955 anasainirana ndi Italy, mu 1961 ndi Turkey, kuitana amuna odzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Anawatcha antchito achilendo, poyembekezera kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 1973 anatseka chipata. Koma ambiri sanabwerere. Anaitana akazi awo, ana anabadwira komweko, ndipo lero zidzukulu zawo ndi Ajeremani, ena ali m'nyumba ya malamulo. Phunziro limenelo likuoneka m'malamulo awo atsopano. Mu 2020 anakhazikitsa lamulo lokopa anthu a luso ochokera kunja kwa Ulaya, mu 2024 anachepetsa zaka zodikira unzika kuchoka pa 8 kufika pa 5, ndipo mu September chaka chomwecho Olaf Scholz, mtsogoleri wa Germany panthawiyo, ndi William Ruto wa ku Kenya anagwirizana ku Berlin za antchito ochokera ku Kenya. Akatswiri awo a za ntchito akhala akunena kuti dzikolo likufunika anthu obwera pafupifupi 400,000 chaka chilichonse, poti mbadwo waukulu wobadwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ukupuma pantchito. Koma nakonso, pa chisankho cha February 2025, chipani cha AfD chodana ndi obwera chinakhala chachiwiri.

Chijeremani chimene mwana wa mlongo wanga akuloweza si njira yake yoyamba. Yoyamba inali ya ku Britain, ndipo inatidyera mpunga wa chaka chathunthu. Mu February 2022 dzikolo linalola kuti osamala okalamba azilembedwa ntchito kuchokera kunja, ndipo nkhani inafika mpaka kuno kudzera m'magulu a pa WhatsApp. Mu 2023 mtsikanayu anabwera kwa ine madzulo, anakhala pansi chapatali monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Amalume, pali munthu ku Lilongwe akuti angandipezere kalata ya ntchito." Ine ndine mwinimbumba. Ndinaitana mlongo wanga, tinakambirana, tinagulitsa matumba a mpunga amene tinakolola kudambo, mbuzi zinayi, ndipo ine ndinawonjezera ngongole ya ku banki mkhonde ya mkazi wanga. Munthuyo anatitumizira chikalata chokhala ndi chidindo, chooneka bwino ndithu. Patatha miyezi iwiri foni yake inasiya kupezeka. Tinapita kumene ankati ndi ofesi yake, tinapeza akugulitsamo zovala za kaunjika.

Sitinataye mtima, tinayambanso kusonkha. Koma mu March 2024 lamulo linasintha: wosamala okalamba asabwerenso ndi banja lake. Mtsikanayu ali ndi kamwana, panthawiyo kanali ka zaka ziwiri. Ndimakumbukira akuwerenga uthengawo pa foni kamwanako kali kumsana, ndipo anangoti, "Ndiye akufuna ndikasamale amayi awo, wanga ndimusiyire ndani?" Anazengereza chaka chathunthu, ndipo mu July 2025 njirayo inatsekedwa kotheratu. Nkhalamba za ku Britain sizinachepe m'zaka zitatu zimenezo. Chimene chinasintha ndi mkwiyo wa ovota poona chiwerengero cha obwera chikukwera. Ndiyenera kunenanso chilungamo: boma lawo linapeza mabwana achinyengo ambiri, n'kulanda zilolezo makampani oposa 470, ndipo antchito pafupifupi 39,000 anakhudzidwa, ena atagulitsa zonse kwawo n'kukapeza kuti kulibe ntchito. Mwina kuberedwa tili kuno kunatipulumutsa ku kuberedwa tili kutali. Koma chilango chinagwera amene anaberedwa, osati akuba okha.

Amayi anga zimenezi akuzidziwa kuposa ine, ngakhale sanaonepo viza. Bambo anga anapita ku Joni pa Wenela ine ndili wakhanda. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Ankayezedwa chifuwa ndi sikelo, kusaina kontirakiti, kugona m'makomboni a amuna okhaokha, nthawi ikatha n'kubwezedwa. Mkazi ndi ana ankatsala kumudzi, kuti mtengo wolera mwana, wosamala wodwala ndi wosunga wokalamba ugwere mudzi, mgodi ungolandira mphamvu zokha. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa ulendowo. Unadzayambiranso pa Theba, n'kutha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wa kuyeza Edzi. Bambo anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete awiri ndi chifuwa chimene chinadzawatenga. Amayi anawasamala okha mpaka tsiku lomaliza. Alongo awo a amayi, amene anapita ku Salisbury, Harare wa lero, anakhala matchona, manda awo sitikuwadziwa. Ndiye ndikamawerenga za viza yoletsa kubwera ndi mwana, sindiona chatsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ankafuna mapewa a amuna, lero akufuna manja ndi mtima wa akazi.

Pali chinthu china chimene andale a kumeneko sakonda kuchitchula. Obwera nawonso amakalamba. Mnyamata wa ku Turkey amene anafika ku Germany mu 1965 lero ndi nkhalamba yofuna kusamalidwa, ndipo ana a obwera amabereka ana ochepa ngati eni dziko. Mu 2000 bungwe la United Nations linawerengera kuti South Korea atafuna kusunga mlingo wa ogwira ntchito ndi okalamba monga unalili, pogwiritsa ntchito obwera okha, pangafunike anthu oposa 5 biliyoni pofika 2050, pafupifupi anthu onse a padziko panthawiyo. Kuitana alendo kumagula nthawi, sikuchiritsa ukalamba. N'chifukwa chake maboma ena amakonda mlendo wa kontirakiti: abwere ali ndi zaka 25, apereke msonkho, abwerere asanayambe kudwala msana. Njira imeneyo ndi yopindulitsa pa pepala. Kwa ine ndi kudya nzimbe n'kutayira makoko pakhomo pa mnzako.

Koma ndisaloze chala kutali kokha. Mu 2023 boma lathu linalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Anthu amene anakhala pakati pathu zaka zambiri, ana awo akulankhula Chichewa kuposa chilankhulo cha makolo awo, anakwezedwa m'malole, mashopu awo n'kutsekedwa. Ndinamva anzanga ena akuombera m'manja kuti Maburundi amatilanda bizinesi. Mawu ake ndi omwewo amene akunenedwa ku Japan ndi ku Germany za ife. Chonsecho ndife anthu amene tinasunga abale a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo yawo. Alomwe anawoloka malire kudzathyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, akunyozedwa ndi maina oipa, ndipo zidzukulu zawo zalamulira dziko lino. Nkhotakota yeniyeniyi ndi mudzi wa obwera. Jumbe Salim bin Abdullah anafika kuno m'zaka za m'ma 1840 kuchokera kugombe la nyanja ya mchere, ndipo malonda ake anali oopsa, kuwolotsa anthu pa zombo kupita nawo ku Kilwa. Ndikaima pansi pa mkuyu umene amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, ndimakumbukira kuti gombe lino linayamba kalekale kutumiza achinyamata ake kukagwirira ntchito anthu ena. Sindikufananiza viza ndi goli, mtsikana wathu akufuna yekha kupita. Ndikungonena kuti ife a kuno tili ndi chifukwa chofunsitsa tisanakweze mwana bwato.

Ife vuto lathu ndi losiyana ndi lawo. Kalembera wa 2018 anatipeza tili 17.5 miliyoni, theka lathu ndi ana osakwana zaka 18, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo sakwana 5 pa 100 alionse. M'kalasi langa muli ana oposa 80. Tili ndi manja ochuluka kuposa ntchito, iwo ali ndi ntchito zochuluka kuposa manja, ndipo munthu angaganize kuti nkhani yatha pomwepo. Umu ndi mmene boma linaganizira potumiza achinyamata 221 oyamba ku minda ya ku Israel mu November 2023, nkhondo ili mkati. Koma amene maiko okalamba akuwafuna kwenikweni si aliyense. Akufuna namwino, mzamba, dokotala, anthu amene ife tilibe okwanira. Malawi ali pa mndandanda wa 2023 wa bungwe la zaumoyo padziko lonse, World Health Organization, wa maiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zachipatala ochepa kwambiri, moti maiko olemera sayenera kubwera kudzawakopa mwachindunji. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu anapita ku Britain ochuluka mpaka boma ndi othandiza anachita kuwonjezera malipiro ndi 52 peresenti kuti otsalawo asachoke. Chopweteka n'chakuti lero m'zipatala zathu namwino mmodzi amagwira wodi yonse usiku, pamene anamwino ophunzira bwino ali pakhomo, boma likuti lilibe ndalama zowalembera. Mwana amene dziko lake silikumulemba ntchito, ndingamuuze bwanji kuti akhale chifukwa dziko likumufuna?

Ndipo nafenso tikukalamba, mwakachetechete. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikawerengera onse, pofika 2016 anali 4.4. Anthu amene cha m'ma 2000 ankayembekezeka kufa asanafike zaka 50, lero akupitirira 60, chifukwa cha ma ARV, katemera ndi maneti. Zimenezi ndi zabwino. Koma amayi anga anabereka asanu ndi awiri, ine ndili ndi atatu, ndipo awiri ali kale m'tauni. Nkhalamba zambiri za m'midzi mwathu zilibe penshoni. Zina zimalandira Mtukula Pakhomo, zambiri penshoni yawo ndi mdzukulu. Mdzukuluyo akachoka, gogo amatsala yekha m'kanyumba kodontha, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika mwana wa pafupi akadwala mwadzidzidzi: chala chimaloza kanyumba komweko, kuti muli mfiti. Nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire mu 2024, koma lamulo silitunga madzi. Ajapani analemera kaye asanakalambe. Ife tikhoza kudzakalamba tisanalemere, ndipo panthawiyo sindikudziwa dziko limene ife tidzaitaneko ana.

Sindikuti chipata chitsekedwe. Ndalama zimene abale a ku Joni amatumiza zamanga nyumba zamalata zambiri m'boma lino, ndipo mwana wa mlongo wanga ali ndi ufulu wofuna moyo wabwino monga wina aliyense. Chimene ndikufuna n'chakuti boma lathu likamakambirana ndi maiko amenewa lidziwe kuti silikupempha chifundo. Iwo ndi amene ali pa njala, ife tili ndi nkhokwe. Dziko lotenga namwino mmodzi lilipire maphunziro a ena awiri otsala kuno. Mgwirizano ukhale wa boma ndi boma, wolembedwa poyera, kuti dobadoba asowe podyera. Wopitayo aloledwe kusintha bwana, kutenga mwana wake, ndipo penshoni imene wadulidwa imutsate akabwerera, tisadzaonenso zimene taona ndi madala a Theba, amene akalamba akuyendera ndalama zawo m'maofesi.

Sabata yatha tinakhala pansi monga banja kukambirana za amene adzasamale amayi mtsikanayu akadzapita. Ine mwana wamwamuna sindingawasambitse amayi anga, mwambo sulola, ndipo iwonso sangavomere. Mlongo wanga amadwala BP ndi miyendo. Maso onse anatembenukira kwa mng'ono wake wa mtsikanayu, amene ali Fomu 2 ndipo amakhoza masamu kuposa onse m'kalasi mwake. Palibe amene ananena, koma tonse tinadziwa kuti akayamba kutenthetsa madzi m'mawa uliwonse, sukulu idzayamba kuchedwa, kenako kujomba. Ndinakana. Tinagwirizana kuti mkazi wanga azibwera m'mawa, ine ndiphunzire kuwadzutsa ndi kuwatembenuza, ndipo ndalama zoyamba zikadzabwera tidzalembe mayi wina wa m'mudzi momwemu, amenenso ali ndi amayi ake okalamba kuseri kwa dambo.

Ndiye masiku ano ndikaweruka kusukulu ndimapita kukaphunzira. Mwana wa mlongo wanga amandiimirira pambali. "Ayi amalume, musakoke mkono. Bondo pansi kaye. Auzeni kaye chimene mukufuna kuchita, musawadzidzimutse." Dzulo ndinakwanitsa kuwakhazika tsonga osabuula. Amayi anapuma pang'ono atatsamira khoma, kenako anamuitana mdzukulu wawo kuti asendere pafupi. Anagwira manja ake onse awiri, kuwatembenuza, kuyang'ana zikhatho.

"Mkazi mnzanga, mayi amene ukamusamaleyo, dzina lake ndani?"

"Sindinamudziwe, agogo. Mayeso a chilankhulo sindinalembe n'komwe."

"Ukakamudziwa, ukamupatse moni wanga. Ukamuuze kuti kuno kuli mnzake."

Mtsikanayo anangogwedeza mutu, n'kutola beseni kukataya madzi kuseri kwa nyumba. Kamwana kake kanamuthamangira, kakugwira nsonga ya chitenje.